Mudzi Umene Unkakana Kunyamula Mwana Wanga

Ana anga Limbani, Thokozani ndi Chikondi, popeza tsopano boma landipumitsa ntchito ndipo ndakhazikika pano pa Mtunthama ndi nkhuku zanga, ndayamba kulemba zimene ndinaona pa ntchito yaulangizi wa zaumoyo. Za ubwana wanga mukuzidziwa kale, agogo anu anakuuzani mpaka kuwonjezerapo zawo. Ine ndiyambira pamalo oyamba amene ananditumiza, chifukwa iwe Limbani unali nawo kumeneko ngakhale sukumbukira kanthu. Zina m'mutu uno si zimene mayi amauza ana ake akuyang'anana maso ndi maso. Koma nonse muli pa mabanja anu tsopano, ndipo pepala lilibe manyazi.

Okutobala, chaka choyamba

Nditalandira satifiketi yanga ndinkayembekeza kuti andisiya pafupi ndi boma, kwa Mwase, kumene kunali agogo anu. Dzina langa linatulukira ku Chamatete. Mkulu wina mu ofesi anandilozera pa mapu, kumpoto chakumadzulo, pamene pepala linayamba kubiriwira. "Uku ndi nkhalango ya nyama," anatero. "Inu muzikakhala apa, pamzerepa." Nditafunsa ngati kuli msewu, anaseka. "M'chilimwe ulipo."

Ndinapita pa lole yonyamula feteleza wa ku esiteti, iwe Limbani usanayambe n'kukhala pansi komwe. Katundu wanga anali matiresi, mbaula, sikelo yopachika mumtengo ndi bokosi losungira katemera. Tinadutsa minda ya fodya yosadziwika polekezera, zigafa zili mbuu, kenako minda inayamba kuchepa, mitengo n'kumachuluka. Titayandikira, ndinaona anthu pa lolepo akudziwomba m'makosi. Anali akashembe, ntchentche zoluma zija zimene zimapatsa matenda a kaodzera. Ndinakufunditsa mpaka kumutu, thukuta lili kamukamu, ndipo kuyambira tsiku limenelo mtima wanga sunakhalenso m'malo.

Chamatete sunali mudzi ngati kwathu. Kunalibe manda akale, kunalibe mitengo ya mango yobzala makolo kupatula umodzi wa pa sitolo ya esiteti. Ambiri anali matenanti olima fodya wa eni esiteti, ochokera ku Mzimba, ku Dedza, ena ku Mangochi, obwera ndi akazi awo ndi ana aang'ono, makolo atawasiya kumudzi. Unali mudzi wopanda agogo. Munthu wa imvi ukamuona, umadziwa kuti ndi mlendo. Kuseri kwa minda yomaliza kunali nkhalango, ndipo m'mawa wina ukapita kukatunga madzi umapeza mapazi a njovu pamatope a pachitsime, aakulu ngati lichero.

Woyamba kundilandira anali Nyagondwe, mayi wamtali wa ku Mzimba amene ankathandiza pa sikelo ya ana mongodzipereka. Chichewa chake chinali chosakaniza ndi Chitumbuka, ndipo monga onse kumeneko ankanditcha adokotala, ngakhale ndinawauza kangapo kuti sindine dokotala. Atakuona anaombera m'manja n'kutambasula mikono kuti akunyamule.

"Kamwana kokongola aka! Awiske ali kuti? Abambo ake ndikunena."

"Ali ku Joni," ndinayankha. "Anapita ndili ndi pakati."

"Ndiye sanamuone?"

"Sanamuone. Koma abwera pa Khirisimasi."

Mikono ija inabwerera pang'onopang'ono mpaka inakagwira m'chiuno. Nyagondwe anapitiriza kukusekerera, n'kunyamula matiresi anga m'malo mwake.

Novembala

Panatha milungu ndisanazindikire kuti si Nyagondwe yekha. Amayi a ku Chamatete ankandichitira zonse. Ankanditungira madzi, kundibweretsera nkhuni ndi masuku, kundisesera pabwalo. Iwe ankasewera nawe ataima patali, kukuimbira, kukulizira timilomo mpaka kuseka kwako kumveka kuzigafa. Koma kukugwira ayi. Tsiku lina la sikelo ndinafuna kukwera pampando kuti ndipachike chingwe, ndiye ndinakupereka kwa Nabanda, mayi wansangala wa ku Dedza amene pakamwa pake sipankatseka. "Tandigwirirani pang'ono." Anayang'ana zikhatho zake n'kuti, "Manja angawa ngakuda, adokotala." Anavula chitenje chake chapamwamba, n'kuyala pansi kuti ndikugoneke pamenepo.

Ine ana awo ndinkawanyamula tsiku lililonse, kuwayeza, kuwabaya katemera, ena kundikodzera pa yunifolomu. Wanga yekha ndiye ankayalidwira chitenje ngati katundu. Ndinaganiza zambiri. Mwina ankandiona wonyada chifukwa cha sukulu. Mwina ankati ndine kazitape wa eni esiteti. Choipa kwambiri, ndinayamba kuganiza kuti akuona matenda pa iwe amene ine mayi wako sindikuwaona. M'mawa uliwonse ndinkakuvula, kukuyang'ana m'kamwa, m'maso, m'mapindi a miyendo. Ndinkakukweza pa sikelo ya boma pafupipafupi ngati thumba la fodya lokayikitsa. Unali wonenepa, wosadwala, koma zimenezo sizinanditonthoze.

Mudzafunsa kuti Mchewa ngati ine ndinalephera bwanji kumvetsa. Agogo anu aamuna anali mkulu wa mpingo wosafuna kumva za miyambo m'nyumba mwake. Kwathu mwana ankanyamulidwa ndi aliyense atangotuluka m'chikuta. Za tsempho ndinakazimvera ku koleji, kumene anatiphunzitsa kuti mwana akatupa miyendo ndi masaya anthu amati watsemphedwa, pamene vuto lenileni ndi kuperewera kwa zakudya. Ndinalemba zimenezo pa mayeso n'kukhoza. Sindinaganizepo kuti nkhaniyo ingakhudze wanga.

Anandiuzapo kuti ndingatenge kamtsikana kakang'ono kazikulera. Ndinakana. Ndinali nditangolalikira pa sikelo kuti atsikana azipita kusukulu, komanso kunena zoona ndinkaopa kuti kadzakugwetsa.

Disembala

Mvula itagwa, msewu uja unasanduka phala. Lole zinasiya kubwera. Mchere unasowa m'sitolo, sopo naye, ndipo matewera ako ndinkachapa ndi madzi a phulusa. Chipatala chathu chaching'ono, kumene ndinkatengako katemera, chinali mtunda wa theka la tsiku pa njinga, ndipo firiji yakumeneko inali ya parafini. Parafini akatha, akulu a chipatalacho, a Mwale, ankazimitsa nyale ya kunyumba kwawo n'kukathira mufiriji.

Khirisimasi itayandikira anabwera malume anu, atakankha njinga m'matope kuchokera kumsewu waukulu. Ndinaona pa nkhope kuti sanabwere kudzangondiona. Iwe Limbani ukudziwa kuti bambo amene anakulera si amene anakubala, koma sindinakuuzepo mmene ndinamvera. Malume ako anadya, anasamba, kenako anati, "Achemwali, anthu abwera kuchokera ku Joni. Alamu aja ali ndi nyumba ina kumeneko. Musawadikire." Sindinalire pamaso pawo. M'mawa mwake Nyagondwe atandifunsa kuti alendo athu afika liti, pakamwa panga panatuluka kuti, "Awakaniza tchuthi. Abwera pa Pasaka." Mwina mbali ina ya mtima wanga inkakhulupirirabe. Nyagondwe anakuyang'ana, n'kupuma mozama, ine osadziwa kuti akupumira chiyani.

Febuluwale, chaka chachiwiri

Dera langa silinali Chamatete wokha. Kunalinso Kavuwe, kamudzi ka kutsidya kwa mtsinje, kumene anthu ankalima chimanga moyang'anizana ndi nkhalango n'kumakhalira kuimba zitini pothamangitsa njovu. Njira yopita kumeneko inkadutsa m'malire, m'zitsamba zowirira mmene akashembe amakhala ngati njuchi. Ndinapitako kamodzi ndi iwe kumbuyo, nditakufunditsa nsalu yoyera chifukwa akashembe amatsata zakuda. Pobwera ndinapeza kuti ntchentche imodzi inakuluma kuseri kwa khutu, patatupa ngati nyemba. Masiku otsatirawo ndinali ngati wamisala. Ukagona pang'ono masana ndinkakudzutsa, kuopa kuti ndi kaodzera. Unkalira chifukwa cha tulo, ine n'kumalira chifukwa walira. Chotupacho chinaphwa chokha, koma ku Kavuwe sindinapitenso.

A Mwale anabwera pa njinga yamoto tsiku lina mvula italekeza, matope mpaka m'mawondo. Sanali munthu wankhanza. Anandibweretsera shuga ndi mchere, n'kukhala pakhonde akupukuta magalasi awo.

"Mayi, chikuku chalowa m'maesiteti a kum'mawa. Ana a ku Kavuwe alandira katemera?"

"Sanalandire, abwana."

"Ndamva za akashembe, ndipo sindikukuimbani mlandu. Inenso wanga sindingapite naye. Msiyireni munthu."

"Palibe womulandira, abwana."

"Mudzi wonsewu?"

"Wonse."

Anavala magalasi aja. "Ndiye pali ziwiri. Mukamsiye mwana kwa amayi anu kwa Mwase, kapena ndipemphe kuboma anditumizire munthu wina. Ndikatero, sindikudziwa ngati inu adzakupatseni malo ena. Chikuku chikafika ku Kavuwe mtsinje utadzaza, tikakwirira ana. Katemera wotsatira akafika, pakhale munthu wopita naye."

Atapita ndinakhala pakhonde pomwepo mpaka mthunzi unasuntha. Kukusiya kwa Mwase kunkatanthauza kukuletsa bere usanayambe n'kukwawa, m'nyengo ya njala, ine amene ndinkauza amayi kuti bere lokha ndiye moyo wa mwana. Kusiya ntchito kunkatanthauza kubwerera kwa agogo anu ndi mwana, wopanda mwamuna, wopanda chochita. Ndipo ana a ku Kavuwe ndinkawadziwa nkhope zawo. Ndinasankha kukupititsa kwa Mwase. Ndinayamba kuchapa tizovala tako tonse kuti ndilongedze.

Nyagondwe ndi Nabanda anandipeza pachitsime ndikuchapa, iwe uli kumbuyo, misozi ikugwera m'beseni. Anali akuchokera kothyola fodya, manja ali bii ndi utomoni.

"Adokotala, kwagwanji? Maliro?" anafunsa Nabanda.

Zimene ndinasunga miyezi yonse ija zinatuluka nthawi imodzi. "Mwana wangayu anakulakwirani chiyani? Ana anu ndimawanyamula, ndimawapukuta mamina. Wanga mumamuyalira chitenje ngati ali ndi khate. Ndikukamsiya kwathu, mupume!"

Anayang'anana. Nyagondwe anakhala pamwala, n'kugwira pakamwa.

"Yayi, mama. Yayi. Ndiye mumaganiza kuti timamuda?"

"Nanga n'chiyani?"

Nyagondwe analankhula motsitsa mawu, ngati mmene amayi amalankhulira zinthu zimenezi. "Munatiuza nokha kuti abambo ake sanamuone. Ndiye kuti mwanayu sanatengedwe, sanalowe kumphasa. Akadali wozizira. Ife tonse tili ndi amuna m'nyumba, ndife otentha. Tikamugwira timutsempha, atupa, mwina kumutaya kumene. Kwathu akanamulera agogo, koma kuno mwawaona agogo? Timadikira nanu limodzi, mama. Pa Khirisimasi tinakonzeka. Mutati Pasaka, mitima inatiwawa."

"Ine manja amachita kundiyabwa," anatero Nabanda. "Mwana wonenepa ngati dzungu la kudimba, ndizingomuyang'ana? Tsiku lija la sikelo ndinakafika kunyumba n'kukalipira amuna anga popanda chifukwa. Ndinati zonsezi n'chifukwa cha inu!"

Ndinafuna kuseka, kulira kunali kusanathe. Anthu amene ndinkati akukusala anali akukutchinjiriza, mwa njira imene ankaidziwa. Ndipo anali akudikira munthu amene ine ndinkadziwa kuti sadzabwera.

"Sabwera," ndinatero.

"Pa Pasaka?"

"Ngakhale pa Pasaka. Ali ndi wina ku Joni."

Aka kanali koyamba kunena mawu amenewo ndi pakamwa panga. Kenako Nabanda anamenya m'ntchafu. "Ndiye mwatizunza chabe! Mumati amuna othawa anayambira wanu? Mchemwali wanga anamuthawa awiri."

Nyagondwe anafotokoza kuti bambo akakhala kulibe pali njira ina. Pali mizu yosambitsa mwana, ndipo kadontho kena amamumwetsa. Zikatero aliyense akhoza kumunyamula.

Apa ndiye panali povuta, ana anga. Ndinali mwana wa mkulu wa mpingo. Ndinalinso munthu wa boma amene ndinkaimirira pa sikelo kuletsa amayi kumwetsa makanda mizu, chifukwa ndinaonapo khanda litatsekula m'mimba mpaka kufooka ndi mankhwala otere. Ndikavomera, mawu anga adzakhalanso ndi mphamvu? Ndikakana, ndiye kuti ukupita kwa Mwase. Ndinawapempha kuti ndiganize kaye. Tsiku lonse lotsatira ndinayendayenda m'nyumba ndikupemphera mapemphero opanda mutu, tizovala tako tili pachingwe, thumba lili chitsegukire pamatiresi. Chakumadzulo ndinapita kwa Nyagondwe, kumene ndinapeza amayi angapo akusoka fodya.

"Kumusambitsa ndavomera," ndinatero. "Koma mizuyo ndiione kaye ndi maso anga. Mphini ayi. Kumwa ayi."

"Kumwako ndi kadontho chabe, mama."

"Ngakhale kadontho."

Panabuka mkangano. Wa ku Mangochi anati kwawo kusamba kokha kumakwanira. Wa ku Mzimba wina anati popanda kumwa m'kati mukhalabe mozizira. Aliyense ankanena za kwawo, ndipo panalibe wamkulu woti agamule. Amene anatsiriza nkhani anali Nabanda.

"Inu, taganizani. Mwana wa adokotala ameneyu. Jakisoni amene alipo pa dziko lapansi anamubaya kale, madontho onse a boma anamwa. M'kati muja ngotentha kuposa tonsefe. Chatsala ndi khungu basi."

Anaseka onse mpaka fodya kugwa m'manja. Nyagondwe anapukuta misozi n'kuti, "Enya. Tisambitse."

Amayi aja anabwera ndi mizu m'mawa kutacha bwino, kuseri kwa nyumba yanga. Mizuyo ndinainunkhiza, ndinaitafuna pang'ono ndekha. Inali yowawa pang'ono, yosayabwa. Ndinawiritsa madzi ndi manja anga, n'kudikira kuti azizire. Ndinakuika m'beseni, Nyagondwe akukuthira madzi ndi chikho uku akunong'ona mawu a Chitumbuka amene sindinawamve. Iwe unakondwa, n'kuyamba kumenya madzi, kenako n'kuweramira kuti umwe wekha. Ndinakutseka pakamwa ndi chikhatho, amayi onse n'kugwa ndi phwete. "Mwaona, mwini wake akufuna!" anakuwa Nabanda.

Kenako Nyagondwe anapukuta manja pa chitenje, anawerama, n'kukutulutsa m'madzi. Anakuika pachifuwa uli chonyowa, n'kukununkhiza pamutu. "Iwe mwana, watichedwetsa," anatero. Sanakhale nawe nthawi, Nabanda anali atakukwatula kale. Unayenda m'manja m'manja pabwalo lonse, aliyense akudandaula kuti mnzake wachedwa nawe. Ine ndinaima pakhomo, mikono ili lendelende. Kuyambira tsiku limene ndinatsika pa lole, palibe munthu wina amene anali atamvapo kulemera kwako.

Sindikhulupirira kuti madzi aja anasintha kanthu m'thupi mwako, ndipo agogo anu aamuna anamwalira osadziwa. A Mwale ndinawauza ndekha. Anangoti, "Sanamwe?" Nditati ayi, anafunsa za bokosi la katemera.

Malichi

Katemera atafika, ndinakuyamwitsa m'mawa mpaka unagona, n'kukupereka kwa Nyagondwe pamodzi ndi malamulo ambirimbiri. Asakulowetse m'chigafa muli fodya wamuwisi. Madzi akhale owiritsa. Phala likhale lamadzimadzi. Ukatentha thupi atumize munthu. Ndinafika pa mtengo wa mango n'kubwereranso kudzanena za udzudzu. "Mama, ndabereka asanu ndi mmodzi," anatero. "Pitani."

Mlonda wa nkhalango anandiperekeza ndi mfuti yake, bokosi lili pamutu panga. Tinawoloka mtsinje madzi ali m'chiuno. M'njira tinapeza ndowe za njovu zikadali zofunda, ndipo akashembe anandiluma m'khosi ndi m'mikono mpaka ndinasiya kuwawomba. Sindinkawaopa tsiku limenelo. Ku Kavuwe amayi anatuluka m'minda atamva kuti adokotala abwera, ndipo ndinabaya ana pansi pa mtengo mpaka botolo lomaliza. Chikuku chinali chisanafike. Koma pofika masana mabere anga anali atadzaza n'kulimba ngati miyala, ndipo mwana aliyense akalira mkaka unkatuluka wokha. Pobwerera mlonda uja ankachita kundithamangira. "Mayi, njovu sizifuna munthu wothamanga!" Ine osamva.

Ndinafika dzuwa litapendeka, matope mpaka m'ntchafu. Ndinali nditakuona kale m'maganizo utalira mpaka mawu kutha. Ndinakupeza pansi pa mango, uli pamiyendo pa Nabanda, phala lili m'masaya, ukukoka ndolo yake. Amayi ena atatu anali atakhala pamphasa moyandikana, aliyense akudikira nthawi yake.

"Limbani!" ndinaitana, nditatambasula manja.

Unandiyang'ana, unaseka, kenako n'kubisa nkhope m'khosi mwa Nabanda, timanja tako titagwira bulauzi yake zolimba. Chinandibaya mumtima, ndisaname.

"Pepani adokotala," anatero Nabanda, osasuntha n'komwe. "Apa pali mzere. Pambuyo panga pali Nyagondwe, kenako awa a ku Mangochi. Inu mwabwera mochedwa."

Ndinatula bokosi pansi, n'kukakhala kumapeto kwa mphasa, mkaka ukunyowetsa yunifolomu ya boma, kudikira kuti mwana wanga andifike.